Ndege Ikachedwa Kapena Kulephereka: Momwe Mungalondolere Ndalama Zanu Muli ku Blantyre

Ku Chileka ndege sizitera motsatizana. Yanu ikalephereka lero, nthawi zambiri ndiye kuti mudikira mawa, apo ayi mukwera basi kuthamangira ku Lilongwe kuti mwina mukapeze ina kumeneko. Ndalama zimatayika pamenepo: galimoto yobwerera m'tauni, malo ogona, chakudya, ndi ndege ina imene mumayenera kukakwera kutsogolo. Ambiri timangong'ung'udza pabenchi, ena n'kukalipira mtsikana wapakauntala amene alibe ndi mphamvu zomwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Chikhalirecho pa maulendo ena pali ndalama zimene lamulo linaikiratu, ndipo kampani ya ndege siingakuimbireni foni kukukumbutsani.

1. Onani kaye kumene ulendo unayambira

Musanawerenge maola amene munachedwa, funsani mafunso awiri: ndege inanyamukira dziko liti, ndipo kampani yake ndi ya kuti? Munthu mmodzi yemweyo, pa tikiti imodzi yopita ku Frankfurt n'kubwerako, akhoza kusowa chogwira popita koma n'kukhala ndi mayuro 600 omudikira pobwera.

Chimachititsa ndi lamulo la mayiko a European Union, nambala 261 la chaka cha 2004, limene ambiri amangoti EU261. Limagwira ntchito pa ndege iliyonse yonyamuka m'dziko la EU, kaya kampaniyo ndi ya ku Africa kapena ya ku Arabia, ndipo Norway, Iceland ndi Switzerland nawo amalitsatira. Silifunsa pasipoti, Mmalawi ndi Mjeremani amalandira mofanana. Koma ndege yolowa mu EU kuchokera kunja imawerengedwa pokhapokha ngati kampani yoiyendetsa ndi ya ku EU konko, monga KLM, Lufthansa kapena Air France. Dziko la Britain litatuluka mu EU linasunga lamuloli n'kungosintha ndalama kukhala mapaundi, ndipo kumeneko amalitcha UK261.

Ife a ku Blantyre popita ku Ulaya timadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Mukanyamuka ku Chileka n'kukasintha ku Addis pa ndege ya Ethiopian Airlines, popita lamuloli silikufikani, chifukwa kampaniyo si ya ku Ulaya. Mukadzera ku Johannesburg n'kukakwera KLM ya ku Amsterdam kapena British Airways ya ku London, ndipo ndege imeneyo n'kuchedwa, mwalowa m'lamulo. Pobwera ndiye pali mwayi waukulu. Ngati tikiti yanu ndi imodzi, ya nambala imodzi kuchokera ku Ulaya mpaka ku Chileka, ulendo wonse umatengedwa kuti ndi umodzi, ngakhale vuto litachitikira pakati panjira muno mu Africa. Khothi la EU linagamula zimenezi mu 2018 pa mlandu wa Wegener ndi Royal Air Maroc, wokhudza ulendo wochoka ku Berlin kudzera ku Casablanca kukathera ku Agadir.

Apa ndi pamene kutchipa kumapweteka. Ena amagula tikiti ya London kufika ku Johannesburg payokha, ina ya Johannesburg kufika ku Blantyre payokhanso, poti mtengo umatsikako. Yoyamba ikachedwa maola awiri n'kukuphonyetsani yachiwiri, palibe kampani imene ivomere udindo, ndipo tikiti ina mugula nokha.

Nanga maulendo amene ambirife timayenda, a ku Joni, ku Dar es Salaam, ku Lusaka, ku Harare? EU261 sifikako. Chimene mungadalire ndi malamulo a kampaniyo amene munavomera pogula tikiti, malamulo oteteza ogula a kuno kwathu, ndi mapangano awiri a mayiko: la Warsaw la 1929 ndi la Montreal la 1999. Onse awiri amati kampani ilipire zimene wokwera wataya chifukwa cha kuchedwa, pokhapokha ikaonetsa kuti inachita zonse zotheka kuti zisachitike. Kusiyana kwake ndi lamulo la ku Ulaya n'kwakuti pano simupatsidwa ndalama yoikika. Mumabwezeredwa zimene mwaonetsa umboni wake. Pangano la Montreal lili ndi malire a ma SDR 6,303 pa munthu kuyambira pa 28 December 2024. SDR ndi ndalama yowerengera ya bungwe la IMF, ndipo malirewa amaposa madola 8,000 a ku America, koma amenewo ndi mapeto chabe, si ndalama imene aliyense amalandira. South Africa, Kenya ndi Ethiopia ali m'pangano limeneli, choncho m'bale wanu amene wagula tikiti yochoka ku Joni kudzacheza kuno n'kubwerera ali pansi pake. Ulendo wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe wokha, poti ndi wa m'dziko momwemuno, mapanganowa saukhudza.

2. Sonkhanitsani umboni musanachoke pabwalo

Mlandu wa chipukutamisozi umalimba kapena kufa tsiku lomwelo, inu mukadali ndi chikwama m'manja. Jambulani bolodi yoonetsa kuti ndege yachedwa, nthawi ikuoneka. Boarding pass, kapepala kokwerera ndege kaja, musataye, ngakhale akupatseni ina yatsopano; sungani zonse pamodzi ndi kapepala kamene amamata kusonyeza katundu wanu. Uthenga uliwonse wapafoni kapena imelo yochokera ku kampani muusiye momwemo.

Kenako pitani pakauntala mukapemphe kalata kapena kapepala kosainidwa konena kuti ndege yachedwa kapena yalephereka, ndi chifukwa chake. Pemphani mwaulemu, koma musachoke msanga. Akakana, lembani nokha zimene anena, nthawi imene anenera, ndi dzina limene lili pa baji. Chifukwa chimene chimanenedwa pabwalo ndi chimene chimadzalembedwa m'kalata patatha mwezi sizifanana nthawi zonse: lero akuti akukonza injini, mawa akuti kunali mvula. Kupatsana manambala ndi anzanu awiri atatu a m'ndegemo kumathandiza pa chifukwa chomwechi. Kalata ya kampaniyo ikhozanso kukuthandizani kwa a imigireshoni ngati viza yanu yatha muli chidikirire kunja.

Mukafika kumene mumapita, lembani nthawi imene chitseko cha ndege chatsegulidwa. Khothi la EU linanena mu 2014 kuti kufika ndi pamene chitseko chatseguka ndipo anthu aloledwa kutsika, osati pamene matayala akhudza pansi. Mphindi khumi zimenezo nthawi zina ndi zimene zimakwanitsa maola atatu amene lamulo la ku Ulaya limafuna kuti mulipiridwe.

Za malisiti tinene mosabisa, poti kuno n'zovuta. Wa takisi wa pa Chileka kawirikawiri sayenda ndi buku la malisiti. Mulipireni pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti uthenga utsale, kapena alembe papepala tsiku, ndalama, nambala ya galimoto, n'kusaina. Ku loji ndi kumalo odyera pemphani lisiti lokhala ndi chidindo. Ndipo inu nomwe mukhale kuti munafika nthawi yake. Ngati munatsekeredwa pa mzere wa magalimoto ku Chirimba kapena pa Kameza n'kupeza kauntala atatseka, umenewo si mlandu wa kampani.

3. Funsani chakudya ndi pogona

Pansi pa EU261 ndi UK261, pa ulendo wautali ngati wobwera kuno, mukadikira maola anayi kampani iyenera kukupatsani chakudya ndi zakumwa ndi njira yolumikizirana ndi abale. Pa maulendo aafupi amayambira pa maola awiri kapena atatu. Mukagonera, hotela ndi galimoto yopita ndi kubwera n'zawo. Udindo umenewu sutha ngakhale vuto likhale la nyengo. Phiri la ku Iceland litaphulika mu 2010 n'kutseka mlengalenga mwa Ulaya, khothi linati makampani asamalirebe anthu masiku onsewo.

Akapanda kukupatsani, gulani nokha zoyenera n'kusunga malisiti. Zoyenera zenizeni: mowa ndi chipinda chapamwamba sadzabweza. Ku Chileka kapena ku Johannesburg, kumene lamulo la ku Ulaya silifika, funsanibe. Makampani ambiri ali ndi ndondomeko yawoyawo ya hotela ndi chakudya, koma amayambira kuthandiza amene afunsa.

4. Ikalephereka, musathamangire kulandira ndalama ya tikiti

Lamulo la ku Ulaya limakupatsani kusankha: akubwezereni ndalama ya tikiti pasanathe masiku 7, kapena akupezereni ndege ina yokufikitsani kumene mumapita. Ndege ikachedwa maola asanu mukhozanso kuusiya ulendowo n'kufuna ndalama yanu. Ine ndimati ngati ulendo ukufunikabe, sankhani ndege ina. Mukangolandira ndalama, kampani yasamba m'manja, hotela simupatsidwanso, ndipo tikiti ya tsiku lomwelo imakhala yodula kuposa imene munagula miyezi iwiri yapitayo. Kwa amene analipira m'makwacha vuto limawirikiza, poti mitengo ya matikiti imatsatira dola. Amene anabwezeredwa ndalama kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa kuti siinakwanenso kugula tikiti yofanana.

Akati mukakwerere ku Lilongwe, kapena akakutsitsani ku Lilongwe pamene tikiti yanu ikuti Blantyre, funsani pompo kuti galimoto alipira ndani. Akakusiyani kuti mudzionere nokha, sungani tikiti ya basi ndipo lembani nthawi imene mwafika mu Blantyre. Chinthu chimodzi chokha musachite: kungosiya chigawo china cha ulendo osawauza. Makampani ambiri amafufuta zigawo zonse zotsala, ndi ulendo wobwerera womwe.

Vocha ndi nkhani ina. Lamulo limati chipukutamisozi chikhale ndalama, ndipo vocha ikhoza kulowa m'malo mwake pokhapokha inu mutavomera mochita kulemba. Kwa munthu amene amakwera ndege kamodzi pa zaka zitatu, vocha yotha mphamvu pakatha chaka ndi pepala chabe. Werengani musanasaine chilichonse, makamaka ngati muli mawu oti nkhani yathera pamenepo.

5. Werengani zimene mukuyenera

Chimawerengedwa ndi kuchedwa pofika kumapeto kwa ulendo, osati ponyamuka. Kukakwana maola atatu kapena kuposa, EU261 imapereka mayuro 250 pa mtunda wosaposa makilomita 1,500, mayuro 400 pa mtunda wofika makilomita 3,500, ndi mayuro 600 kuposa pamenepo. Ku Britain ndi mapaundi 220, 350 ndi 520. Kuchokera kulikonse ku Ulaya kufika ku Blantyre ndi kopitirira makilomita 3,500, choncho ife tili pa mlingo wapamwambawo, kungoti kuchedwa kukakhala pakati pa maola atatu ndi anayi kampani ikhoza kudula pakati, kukhala mayuro 300 kapena mapaundi 260. Kunena zoona, munthu akaphonya ndege yobwera ku Chileka sachedwa maola anayi okha. Kawirikawiri amafika mawa lake.

Ndalamayi ndi ya munthu aliyense, ndi mwana yemwe ngati anagulidwira tikiti. Banja la anthu anayi ndi mayuro 2,400. Ndipo ndi ya amene anayenda, osati amene analipira. Kaya tikiti inagulidwa ndi mpingo, bungwe limene munapitira msonkhano wake, kapena mwana wanu amene ali ku Leeds, wochedwa munali inu. Imabwera pamwamba pa chakudya ndi hotela zija.

Ulendo ukalephereka, ndalama ndi zomwezi, kupatula ngati anakudziwitsani kutatsala masiku 14 kapena kuposa, kapena anakupezerani ndege ina yofika nthawi yoyandikana kwambiri ndi yoyambayo. Chimodzimodzi akakukanizani kukwera chifukwa anagulitsa mipando yoposa imene ilipo. Koma mukadzipereka nokha kutsala, m'malo mwa chipukutamisozi mulandira zimene mwagwirizana nawo pamenepo. Mayiko a EU akhala akukambirana zosintha maola ndi ndalamazi, choncho tsiku lolemba kalata yang'anani pa tsamba la EU lofotokoza za ufulu wa okwera ndege.

6. Yesani chifukwa chimene akupereka

Kampani imapulumuka ikaonetsa kuti chinachitikacho chinali chachilendo ndi chosapeweka: mphepo yamkuntho ngati Freddy wa mu March 2023, chifunga chotseka bwalo, mbalame kulowa mu injini, bwalo kutsekedwa ndi boma, zipolowe, kapena sitiraka ya owongolera kayendedwe ka ndege ali pansi. Pamenepo chipukutamisozi palibe, ngakhale chisamaliro ndi ufulu wobwezeredwa tikiti zimatsalabe.

Koma kuwonongeka wamba kwa ndege si chifukwa chokwanira. Khothi la EU linanena zimenezi mu 2008 pa mlandu wa Wallentin-Hermann ndi Alitalia, kuti kukonza ndege ndi mbali ya ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani. Sitiraka ya antchito a kampani yomweyo nayonso siiwapulumutsa, ngakhalenso kusowa kwa oyendetsa. Ndipo wofunika kubweretsa umboni ndi iwo, osati inu. Akangolemba kuti kunali nyengo yoipa, afunseni kuti kuti, nthawi yanji, nanga bwanji ndege zina zinanyamuka.

7. Lembani

Lemberani kampani imene inayendetsa ndegeyo. Dzina lake limalembedwa pa tikiti pafupi ndi nambala ya ndege, ndipo nthawi zina limasiyana ndi la imene inakugulitsani. Ngati munagula kwa ejenti wa m'tauni kapena wa ku Limbe, ndalama ya tikiti nthawi zambiri imabwerera kudzera kwa iye, koma chipukutamisozi mukhoza kuchilondola nokha.

Yambirani pa fomu ya madandaulo ya pa tsamba la kampani, ndipo jambulani nambala imene akupatseni mukamaliza. Kalata ikhale ya Chingerezi, yaifupi, yopanda kulalata. Muikemo dzina monga lilili pa pasipoti, nambala ya buking'i ya zilembo zisanu ndi chimodzi ija, nambala ya ndege, tsiku, nthawi imene mumayenera kufika ndi imene munafikadi. Tchulani lamulo ndi dzina lake, tchulani ndalama imene mukufuna ndi manambala, ndipo perekani masiku 14 kapena 21 oti ayankhe. Zimene munawononga zilembeni pazokha, chimodzichimodzi, lisiti lililonse litajambulidwa bwino. Nkhani yoti munaphonya ukwati wa mlongo wanu ndi yowawa, koma pansi pa EU261 siisintha ndalama. Ichepetseni kukhala mzere umodzi. Pansi pa Montreal kapena Warsaw, chimene chimamveka ndi ndalama yotayika yokhala ndi pepala, monga hotela imene munalipiriratu kapena tikiti ina imene munakakamizika kugula.

Kupita ku ofesi ya kampani mu Blantyre kumathandiza kukankha, koma siyani kalata ndipo akudindireni kope lanu. Zolankhula pakamwa sizipita kulikulu.

8. Konzani njira yolandirira

Adzafuna dzina la banki, nambala ya akaunti ndi nambala ya SWIFT. Mafomu ambiri a ku Ulaya amafunsa IBAN, nambala ya akaunti ya mtundu wa kumeneko, imene mabanki a kuno sagwiritsa ntchito. Fomu ikakana kupitirira, alembereni imelo kuwauza zimenezi. Funsani ku banki kwanu ndalama isanabwere kuti asinthira pa mtengo wanji ndipo adula zingati, makamaka ngati akaunti yanu ndi ya makwacha.

Mukadandaula pa Facebook kapena pa X, samalani ndi amene akuyankheni ali ndi chizindikiro cha kampani n'kukupemphani kuti mupite pa WhatsApp. Kampani yeniyeni siifunsa PIN, siifunsa nambala yachinsinsi yobwera pafoni, ndipo siikuuzani kuti mutumize kaye ndalama kuti yanu ituluke. Chithunzi cha boarding pass musachiike poyera, poti nambala ya buking'i ndi dzina n'zokwanira kuti wina alowe mu ulendo wanu.

9. Akakana kapena akangoti zii

Kukana koyamba si mapeto. Yankhani kamodzi, mukutchula umboni wanu. Zikakanika, pa ulendo woyambira ku Britain dikirani masabata 8 kapena yankho lawo lomaliza, kenako pitani ku CEDR kapena AviationADR, mabungwe oyanjanitsa okwera ndi makampani a ndege, ngati kampaniyo ili membala, apo ayi ku Civil Aviation Authority ya kumeneko. Pa ulendo woyambira mu EU, pakatha miyezi iwiri dandaulani ku bungwe loyang'anira za ndege la dziko limene munanyamukira. Zonsezi zimatheka pa intaneti muli ku Ndirande kapena ku Namiwawa.

Pa maulendo oyambira kuno, lemberani Competition and Fair Trading Commission, imene imalandira madandaulo a ogula, ndipo kope lipite ku Malawi Civil Aviation Authority. Bungwe loimira ogula la CAMA, limene lili mu Blantyre momwemuno, lilibe mphamvu yolamula kampani koma mawu ake amamveka. Kukhothi la majisitireti ndi komaliza, mutawerengera ngati ndalamayo ikuposa zimene muwonongere mlandu.

Pali makampani a pa intaneti amene amalondola m'malo mwanu n'kudula gawo lawo, kawirikawiri kotala kapena kuposa. Pa mlandu wowongoka n'kutaya ndalama, chifukwa kalata yake ndi yomwe ija mungalembe nokha. Amathandiza pamene pafunika khothi la kunja, kumene inu simungapite.

Katundu akasowa kapena akafika atawonongeka, lembetsani lipoti pabwalo pomwepo musanatuluke, kenako kalata. Pangano la Montreal limapereka masiku 7 pa katundu wowonongeka ndi masiku 21 pa wochedwa, kuwerengera tsiku limene mwamulandira, ndipo malire ake ndi ma SDR 1,519.

Nthawi yokasuma ili ndi malire. Pansi pa Montreal ndi Warsaw ndi zaka ziwiri. Pansi pa EU261 ndi UK261 zimatengera dziko: ku Netherlands zaka ziwiri, ku Germany zitatu, ku Scotland zisanu, ku England zisanu ndi chimodzi. Ndiye kuti ulendo wochokera ku Manchester umene unakugonetsani panjira zaka zitatu zapitazo mukhoza kuulondolabe. Ngati boarding pass inatayika, fufuzani tikiti mu imelo yanu kapena pemphani ejenti akusindikizireninso, ndipo jambulani tsamba la pasipoti pamene a imigireshoni a ku Chileka anadinda, chifukwa chidindocho chikuonetsa tsiku limene munalowadi m'dziko.